Thanki Imene Inapha aMpweya

Wapolisi uja sanakhale n'komwe pansi. Anaima pakhomo panga, chipewa m'manja, nati, "Mayi, pepani, koma mlandu palibe. Amuna anu anadziphetsa okha."

Ndilemba monga zinachitikira, wokwiya akwiye. Sukulu sindinapite nayo patali, koma bodza ndimalidziwa fungo.

Amuna anga anthu ankawatchula aMpweya, chifukwa ntchito yawo inali kupopa matayala ndi kupopera magalimoto penti. Zonsezo zimafuna kompresa, makina odzaza mpweya m'thanki yachitsulo. Yawo inkakhala kuseri kwa shedi, m'kachipinda ka njerwa kopanda windo, kochepa moti munthu umalowa chowerama. Anaiika mmenemo chifukwa cha phokoso ndi akuba. Tsiku lina masana thankiyo inaphulika iwo ali momwemo. Dalaivala wa minibasi amene ankadikira tayala lake panja anavulala. Mmene tinawapezera amuna anga sindilemba.

"Thanki ija inali yowola," anatero wapolisi. "Mpweya ukamadzaza umasiya madzi pansi pa thanki. Mwini wake amayenera kumatsegula kampopi kuti madziwo azituluka. Akachita ulesi, chitsulo chimadyeka m'kati. Ndiye mwaona zotsatira zake."

"Thanki ija inali yatsopano," ndinatero. "Anagula mvula isanayambe."

Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira mwana amene akuti bambo ake ali ndi ndege.

"Mayi, ndinagwira ndi manja angawa. Dzimbiri lake limachita kusendeka ngati khungwa. Kunja kokha ndiye kunali kofiira bwino. Ngati anakuuzani kuti agula yatsopano, chabwino, anakuuzani. Tinapezanso botolo la mowa pashelefu."

"Munalinunkhiza?"

"Mayi..."

"Ankasungiramo oyilo wa pampu. Ndikufunsa, munalinunkhiza?"

Anavala chipewa chake n'kumapita.

Mawu akewo anafika kumsika iye asanafike ku ofesi. Akuti aMpweya ananamiza mkazi wawo. Akuti anapaka penti thanki yakale, ndalama za yatsopano n'kukamwera, ndiye taonani apundula mwana wa eni ake. Munthu amene anasiya mowa mwana wathu woyamba asanabadwe! Koma wakufa alibe pakamwa. Ine wamoyo ndiye ndinasenza zonse. Ndikafika pampopi, amayi ankasiya nkhani n'kumayang'ana zidebe zawo. Kutchalitchi mpando wa pafupi nane unkakhala wopanda munthu. Ndinayamba kuyenda chowerama, kudzera njira za kuseri ngati wakuba nkhuku.

Amene ankabwera kudzandiona anali mlongo wanga yekha, wondipondera pamutu, wowotcherera mageti. Iyeyo ndi amene anamanga thanki yatsopanoyo m'kachipinda muja, nthawi imene ine ndinagonekedwa kuchipatala atanding'amba pamimba, amuna anga akundidikirira. Pamaliro anathamangathamanga koposa aliyense.

"Achemwali, zisiyeni," ankatero. "Alamu apume. Anthu atopa okha."

Ine sindinatope. Ndinati ngati thankiyo inali yowola, ndiye kuti wasitolo anawagulitsa chowola. Ndinavala nsapato.

*

Ndinayamba kukuwa ndili pakhomo pa sitolo.

"Ndinu amene mumapaka penti zinyalala n'kumagulitsa anthu! Mwandiphera amuna!"

Wasitoloyo ndi bambo wonenepa, wa magalasi pamphuno, wolankhula ngati akuwerenga m'buku. Sanadzidzimuke. Anakoka mpando.

"Khalani pansi, mayi. Mutukwane mutakhala, miyendo isavutike. Amuna anu ndi ati?"

"AMpweya."

Anavula magalasi. "Ho. Pepani. Amene aja ananditayitsa tsiku lathunthu."

Ndinakhala.

"Ndinawaonetsa kompresa yaing'ono ya mawilo," anatero. "Anaseka. Akuti imeneyo n'ja njinga, ukati upopere chitseko cha galimoto mpweya umatha uli pakati, penti n'kutuluka mizeremizere. Ndinawaonetsa yosathira oyilo. Akuti imeneyo imalira ngati mbuzi ndipo imafa msanga. Kenako anati pampu ndi mota ali nazo zabwino, akungofuna thanki yaikulu, chifukwa yawo yakale yayamba kuchita thukuta kunsi. Mawu awo ndikuwakumbukira. Anati thanki ya mpweya si ndowa, ikangobowoka yatha, siimatidwa."

"Ndiye munawapatsa iti?"

"Ndinawapatsa? Anasankha okha! Anandimasulitsa chotsekera cha m'mbali n'kusuzumiramo ndi tochi. Anaigogoda ndi sipanala kuyambira kumutu mpaka kumapazi ngati dokotala. Anagona pansi apa, apa pamene mwapondapa, kuti aone ngati kampopi ka madzi kali kunsi kwenikweni. Munthu wotero mungamugulitse chowola? Bwerani."

Ananditengera kuseri kumene kunali mathanki ena a mtundu womwewo. Ananditenga chala n'kuchikhudzitsa pa penti.

"Kandani ndi chikhadabo. Kandani! Penti wa kufakitale ameneyo, amachita kuotcha, ndi wouma ngati mbale. Yawo inatuluka muno ili choncho, m'kati moyera ngati poto watsopano. Ngakhale akanati asatsegule kampopi ngakhale tsiku limodzi, sikanawola mvula imodzi yokha. Zosatheka."

"Anaitenga okha?"

"Ayi. Anati mayi akunyumba akugonekedwa mawa lake. Amene anabwera kudzatenga ndi mlamu wawo, wa maso ofiira uja, wowotcherera. Anabwera ndi galimoto ya hayala."

Zimenezo ndinkazidziwa kale. Sindinaganize kanthu. Ndinangoona kuti ndatukwana munthu wosalakwa pamaso pa makasitomala ake, ndipo ndinatuluka nkhope ikuyaka. Koma chimodzi ndinatuluka nacho. Thanki yatsopano inagulidwa. Nanga inalowa m'kachipinda muja?

*

Pafupi ndi shedi ya amuna anga pali telala, mkulu wowonda amene pakamwa pake sipapuma ngakhale ataluma mapini.

"Aa, mayi athu, mwabwera! Ine ndimati mwatikwiyira. Khalani apo, ayi apo pali diresi la mkwati, apo. Wapolisi uja ngakhale moni sanandipatse, ine munthu woyandikana nawo, khoma limodzi. Akanandifunsa ndikanamuuza. Ulesi? AMpweya? Ine wotchi ndilibe, mayi. Ndinkawerukira pa iwowo. Madzulo aliwonse ndikamva kuti psiii kuseriko, ndadziwa kuti atsegula kampopi, nthawi yotseka yakwana. Chimwalirireni ndimangosoka mpaka maso kuda, mkazi wanga akuti ndapeza chibwenzi."

"Tsiku limene thanki yatsopano inabwera munalipo?"

"Ndinalipo? Ndinanyamula nawo! Ndipo ndidakali wokwiya. Taimani."

Anafukula m'thumba la zigamba n'kutulutsa malaya oyera. Paphewa ndi pachifuwa panali zofiira zouma gwa.

"Malaya a kutchalitchi awa! Mlongo wanu anandiitana kuti akulu tathandizani, ndi yolemera. Ndangoikumbatira chonchi, penti yense pa ine. Ndinachapa ndi palafini, osachoka."

Ndinagwira malayawo. Chikhadabo changa chinali chidakakumbukira penti wa kusitolo uja.

"Penti anali wamuwisi?"

"Wonunkha! Ndinamufunsa kuti a Weda, inu owotcherera mageti, chinthu chatsopano chimatuluka m'sitolo chikudontha? Anati wapakanso wina pamwamba kuti dzimbiri lisachite mwano. Ndinati chabwino, aliyense ndi ntchito yake, ine za zitsulo ndizidziwira kuti. Yakale ija anali ataichotsa kale dzana lake. Ndiye anailowetsa, anamanga pampu, miyendo yonse n'kuikwirira mu simenti. Akuti akuba asazule."

"Amuna anga anaiona isanalowe?"

"Aione bwanji, anali kwa inu kuchipatala? Anabwera zonse zitauma. Analowamo ndi tochi, anatuluka akumwetulira, akuti mlamu wanga wagwira ntchito. Mmenemo ndi mothina, mayi, mbali ya kukhoma suionanso."

Ndinaimirira kuti ndikaone zidutswa za thankiyo. Kuseri kunali njerwa zokhazokha. Pansi panali mzera wa dzimbiri pamene madzi a tsiku ndi tsiku ankayenda kupita kungalande, simenti mpaka inakumbika. Wapolisi anapondapo pamenepo, sanaone. Koma chitsulo panalibe ngakhale kachidutswa.

"Zitsulo zili kuti?" ndinafuula.

Telala anasuzumira pakhoma, mapini ali kukamwa.

"Simukudziwa? Anatenga mayi wogula zitsulo zakutha uja, maliro atangotha. Mlongo wanu anamuitana. Akuti musamazione, zingakuwawitseni mtima."

*

Bwalo la mayi wa zitsulo lili kuseri kwa malo okwerera basi. Ndi mayi wamfupi, wa manja ngati a mwamuna, ndipo mawu amachita kuumira ngati ogula.

"Thanki yofiira yophulika," ndinatero. "Ndine mkazi wa malemu."

"Ndimagula kulemera. Nkhani sindigula."

"Ndikungofuna kuona."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anayenda, ine pambuyo, kudutsa milu ya mabedi, njinga ndi zitseko za magalimoto. Kumapeto anachotsa lata. Zinali pamenepo, zopindikapindika ngati pepala.

"Ndimayesa munaphwanya kale," ndinatero.

"Wondiitanayo anati ndiphwanye msanga. Anabwereza. Munthu akati msanga, ine ndimachedwa."

Anatembenuza chidutswa chachikulu ndi phazi. Chinali cha kunsi kwa thanki. M'kati dzimbiri linalidi losendeka, wapolisi sananame pamenepo. Koma mayiyo anatenga msomali n'kupala kunja. Pansi pa penti panatuluka phala lomatira magalimoto. Pansi pa phalalo panali chigamba chachitsulo, chachikulu ngati chikhatho, chowotcherera mozungulira.

"Waona? Kung'ambika kunayambira apa." Analondola ndi msomali. Mng'alu unayambira m'mphepete mwa chigambacho n'kuthamanga mpaka kumapeto. "Moto wowotcherera umafooketsa chitsulo chodyeka kale. Pa geti palibe kanthu. Pa mpweya ndi imfa."

Ine sindinkamumvanso. Maso anga anali pa mwendo wa thankiyo, umene unali udakamatirira simenti. Simentiyo inasweka mbali imodzi, ndipo panaonekera kachitsulo ka maluwamaluwa. Ndinagwada n'kukagwira. Chinali chidutswa cha chopondera cha makina anga osokera amene anathyoka kalekale. Thanki yakale ija inali ndi mwendo umodzi waufupi, inkagwedera, ndiye amuna anga anadula chopondera changa n'kuwonjezerapo. Tinakangana tsiku limenelo, ndinawauza kuti akanandipempha kaye.

Ndiye inali yakale. Yomweyo yakaleyo, yomatidwa, yopakidwa penti, miyendo yobisidwa mu simenti.

Ndinakhala pansi m'dothi la oyilo. Mtima unkandiuza dzina, ine ndinkaukaniza. Ndinati mwina anagwirizana awiriwa. Mwina amuna anga anasintha maganizo, anamuuza mlamu wawo kuti amate, yatsopanoyo n'kugulitsa kuti alipirire ine kuchipatala. Taonani mmene munthu umapusira. Ndinalolera kuti wakufa akhale wabodza kuti wamoyo apulumuke.

"Mundisungire ichi," ndinatero.

"Sichithawa," anatero mayiyo, n'kubwezera lata.

Panatsala munthu mmodzi amene anamva mawu omaliza a amuna anga, ndipo ndi amene ndinkaopa kumuona nkhope.

*

Mkazi wa dalaivala ananditsekera chitseko ndi thupi lake.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya amuna anu? Anga khutu silimva, mkono sukwera. Ana anga adya chiyani? Adya pepani?"

Ine amene kusitolo ndinakuwa, pano ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi.

"Ndani ameneyo?" anafuula mwamuna m'katimo. Chiphulikireni amalankhula mokuwa ngati ali pa siteji. "Mayi a aMpweya? Alowe! Iwe, alowe, si iwo anaphulitsa!"

Anali pampando, mkono uli m'nsalu. Ndinagwada pafupi ndi khutu lake labwino.

"Anali ataledzera?"

"Ati?"

"Ataledzera!"

"Ndani? Madala aja? Mayi, ine ndine dalaivala, woledzera ndimamudziwa ali kutsidya la msewu! Anali bwinobwino, ankandinyoza kuti tayala langa lasalala ngati mutu wa apongozi anga. Pepa mayi a mwana, koma anatero!"

"Nanga kuseri kuja analowa kukatani?"

"Mota inkangodzuka pafupipafupi. Yazima, yadzuka, yazima, yadzuka, chikhalirecho palibe amene akugwiritsa mpweya. Madala anaima n'kutchera khutu. Anati, dalaivala dikira, mpweya ukuthawira penapake. Ine ndinati mwina thanki yabowoka. Anandiseka! Anati thanki yatsopano singabowoke, ndinaisuzumira ndekha m'kati, ameneyo ndi payipi chabe. Anatenga madzi a sopo m'chitini, aja amapaka kuti aone pamene pakutuluka thovu. Analowa. Basi. Ndinadzukira kuchipatala."

"Anati yatsopano?"

"Ati?"

"Anati yatsopano!"

"Ndi kunyada komwe! Nthawi zonse ankatitopetsa nayo. Thanki yanga yatsopano, thanki yanga yatsopano, ngati akwatira kachiwiri."

Ndinaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira, pakhomo pa eni ake. Amuna anga sananame. Anafa akukhulupirira, chitini cha sopo m'manja, atagwadira chinthu chimene iwo eni anati chitayidwe.

Mkazi wa dalaivala anandiperekeza mpaka panja. Mawu ake anali atafewa pang'ono.

"Ndiye ngati si iwo, ndani?"

Ndinamuyang'ana.

"Mumva," ndinatero.

*

Mayi wa zitsulo anandidulira mbali ya chigamba pamodzi ndi mwendo uja. Ndinakulunga m'nsalu, ndinasenza pamutu, ulendo kwa amayi anga. Mlongo wanga amagwirira ntchito pabwalo pawo, pansi pa mtengo.

Ndinamupeza akuwotcherera geti. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinatula chitsulo chija pamapazi ake, nsalu n'kumasuka.

Anazimitsa makina. Anakweza chigoba chakumaso. Anayang'ana chitsulocho.

"Achemwali, mwazitenga kuti izi?"

"Ntchito ya ndani iyi?"

"Zinthu izi zikanangotayidwa..."

"Iwe! Ndakusambitsa ine, ndakuberekapo kumsana kuno. Ndikufunsa, chigamba ichi anawotcherera ndani?"

Amayi anaika lichero pansi. "Kodi n'chiyani, mwafika osapereka moni?"

"Mufunseni mwana wanu. Mufunseni thanki imene apongozi anu anagula ili kuti."

Anakhala pa chitini cha penti. Ndinkayembekeza kuti akana, ndipo ndinali nditakonzeka kumung'amba. Koma sanakane.

"Ili kotsukira magalimoto, kuseri kwa chigayo," anatero motsitsa. "Ndinagulitsa."

"Unagulitsa."

"Achemwali, kabowo kake kanali ngati ka singano! Ka singano! Thanki yonse yabwinobwino, munthu n'kutaya chifukwa cha kabowo? Ndinawauza alamu kuti ndimata, anandikalipira ngati mwana, pamaso pa anthu. Akuti iwe dziwa za mageti. Ine ndawotcherera mathanki a madzi, mawilibala, ngolo, palibe chinabwerako. Ndinati ndiwaonetsa. Ndinati ikatha chaka ndidzawauza kuti alamu, mukuidziwa thanki mukuinyadirayi? Tidzaseka."

"Ndiye waseka?"

Anaphimba nkhope.

"Ndinaiyesa, achemwali. Ndinaidzaza madzi, osadontha ngakhale dontho."

"Madzi! Amuna anga ankagulitsa madzi?"

Ndinatola sipanala imene inali pansi. Sindikudziwa chimene ndikanachita nayo. Amayi anandigwira dzanja. Ndi okalamba, koma anagwira zolimba.

"Mwana wanga, khala pansi. Walakwa, inde walakwa. Koma sanafune. Wamva wekha kuti sanafune."

"Sanafune kupha. Nanga kukhala chete sanafunenso? Anthu akunena kuti amuna anga ndi chidakwa chabodza, iye ali pomwepo akugawa mipando pamaliro! Amabwera kwanga, kumwa tiyi wanga, n'kumandiuza kuti zisiyeni. Iwe, unkameza bwanji?"

"Ndinkaopa," anatero mlongo wanga.

"Tikambirana pachibale," anatero amayi. "Akagwada kwa azilamu ako. Adzakulera iwe ndi ana mpaka imfa. Wapitayo wapita, sadzuka. Ukapita kupolisi, ine nditaya mwana, ana akewa atsala pamtetete, ndipo anthu adzati chiyani? Adzati banja lija ndi lakupha. Dzina limenelo ndi lakonso. Chibale ndi fupa, mwana wanga."

Zimenezo n'zoona, ndipo zinandilowa. Manyazi a amuna anga ndinkawasenza ndikudziwa kuti ndi bodza. Awa anali enieni, a magazi anga, a bere limodzi. Kwa azilamu anga ndikanalowa ndi nkhope yanji? Anandipatsa mchimwene wawo wamoyo, kwathu n'kumubweza m'bokosi. Mkazi wa mlongo wanga anali ataima pakhomo la khitchini, kamwana kali kumsana, akundiyang'ana ngati ndine ndabwera ndi tsoka.

"Amayi," ndinatero, "tikakambirana pachibale, kumsika adziwa bwanji kuti aMpweya sananame?"

Amayi anayang'ana kumbali, ine ndinapitiriza.

"Ndiye mukuti apitirize kukhala chidakwa m'manda, kuti uyu apitirize kukhala munthu wabwino pamsewu."

"Wakufa samva manyazi," anatero amayi.

"Ana ake amamva. Ine ndimamva. Ndipo kuli munthu wagontha khutu amene akutukwana dzina lolakwika."

Ndinataya sipanala. Ndinatembenukira kwa mlongo wanga.

"Ndikupita kupolisi. Ukafuna, khala, adzakutenga ndi unyolo ana ako akuona. Ukafuna, nyamula ichi tipite limodzi, ukanene ndi pakamwa pako. Koma ine sindichisenzanso. Khosi langa latopa ndi katundu wako."

Amayi anayamba kulira, kunditchula mwana wopanda chisoni, kunena kuti maliro awo ndisadzapondeko. Mawu amenewo sanawabweze mpaka lero. Mlongo wanga anakhala pa chitini paja mpaka ndinafika pa geti. Kenako ndinamva chitsulo chikukhulika pansi. Anavula chigoba chakumaso, anachipereka kwa mkazi wake, n'kuika chitsulo chija paphewa. Anafuna kuchiphimba ndi nsalu.

"Nsalu ndi yanga," ndinatero. "Bweretsa."

*

Njira ya kupolisi imadutsa pakati pa msika. Ilipo ina ya kuseri, imene ndinkadzera masiku onse aja. Iye anakhotera komweko. Ndinamukoka malaya.

Tinayenda, iye patsogolo, ine pambuyo. Dzuwa linali pamutu. Anthu ankasiya zochita n'kumayang'ana chitsulo chofiira chopindikacho, ndipo aliyense anachizindikira. Ndinkafuna nthaka itseguke. Ndinkaganiza kuti choonadi chikadzapezeka ndidzayenda mutu uli m'mwamba. Bodza. Mutu unalemera kuposa kale.

Pa mabenchi a tomato pali mayi wina wa kutchalitchi kwathu, mmodzi wa aja ankasiya nkhani ndikafika pampopi. Anaika dzanja pachifuwa n'kulankhula mokweza kuti anzake amve.

"Koma mlongo wanu yekhayu, mayi, Mulungu amudalitse. Amuna anakuchititsani manyazi, koma iyeyu sanakutayeni. Taonani, mpaka kukunyamulirani."

Mlongo wanga anaima. Msana wake unali utanyowa ndi thukuta. Ndikanatha kungodutsa. Polisi inali pafupi, zikanamveka zokha mawa lake, ine ndili m'nyumba nditatseka chitseko.

"Sakundinyamulira ine," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza mokweza, mpaka ogulitsa makala anatembenuka. "Sakundinyamulira ine! Wanyamula ntchito ya manja ake. Amuna anga anagula thanki yatsopano. Uyu anaigulitsa, n'kuwamatira yowola. Uyu, mlongo wanga, wa mimba imodzi ndi ine."

Mayi uja anatsegula pakamwa, osatseka. Palibe amene anandiyang'ana m'maso, ndipo nanenso sindinathe kuyang'ana munthu.

"Tiye," ndinamuuza.

Anasinthira chitsulocho paphewa linalo, tinapitirira.